Vitamini D sachiritsa matenda a maganizo

Masiku ano funso limodzi likubwera kawirikawiri kuchipinda changa, ena atanyamula kale kabotolo ka mapiritsi kogula ku Chipata: "Adokotala, akuti munthu wovutika maganizo amakhala akusowa vitamini D. N'zoona?" Ntchito yanga ndi yosamalira odwala maganizo muno mu Katete, ndiye ndiyankhe mosabisa.

Vitamini D thupi limadzipangira lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa. Wina timamupeza m'mazira, m'chiwindi ndi m'nsomba zamafuta. Ntchito yake yaikulu ndi kulimbitsa mafupa. Mwana akamusowa amachita matewe.

N'zoonadi kuti ofufuza akayeza magazi a anthu okhumudwa kwambiri, ambiri amapezeka ndi vitaminiyu wochepa. Koma chinayamba n'chiti? Taganizani za mayi wa ku Vubwi amene wataya mwamuna. Miyezi ikupita, chitseko n'chotseka, khasu lachita dzimbiri pakhonde, nsima angotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Dzuwa silimuona, chakudya sichilowa. Vitamini watsika chifukwa cha matendawo. Kumupatsa botolo n'kumusiya yekha mumdimamo n'kumulakwira.

Nkhaniyi inayesedwa mokwanira ku America. Dr. Olivia Okereke ndi anzake anatsatira anthu 18,353 azaka 50 kupita m'tsogolo kwa zaka zoposa zisanu. Theka ankamwa vitamini D tsiku lililonse, theka mapiritsi opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2020: magulu awiriwa anadwala maganizo mofanana. Amene wapimidwa n'kupezeka kuti akusowadi vitaminiyu apatsidwe ndithu, chifukwa cha mafupa ake. Koma mlimi wa ku Sinda woswera m'munda wa nsawa dzuwa salisowa, ndipo kumwa mapiritsiwa mopyola muyeso kumawononga impso. Zimandipweteka kuona banja litagulitsa thumba la chimanga kuti ligule zimenezi.

Chimene chimathandiza tikuchidziwa. Ku Harare, Dr. Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu olemedwa mumtima, kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku wa mu 2016 wa ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, anasonyeza kuti ambiri anapeza bwino. Ena amafunikanso mankhwala a kuchipatala, amene amayamba kugwira ntchito pakapita milungu ingapo, ndipo sasiyidwa popanda kuuzidwa.

Odwala athu ambiri sanena kuti akhumudwa. Amadandaula mutu, mtima kuthamanga, thupi lonse kuphwanya, tulo kusowa. Ngati m'bale wanu wakhala chonchi milungu iwiri, wasiya kumunda ndi kutchalitchi, kapena wayamba kunena kuti bola kufa, musamutche waulesi ndipo musathamangire kunena za ufiti. Chotsani mankhwala a thonje ndi zingwe m'nyumbamo, musamusiye yekha, ndipo mumuperekeze lero lomwe kukiliniki ya kwanu kapena kuchipatala cha St. Francis.