Amene Anayamba Kufika Kumanda

Ife a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche kufikira ku Usisya, tidziwa bwino amene alawirira kudooko kusanache kukachingamira mabwato a usipa, ndi amene agona m'nyumba ya siwa pakagwa maliro: ndiwo amai athu. Tsono tisadabwe pakumva kuti m'mawa wa Pasaka, amene anayamba kufika kumanda a Ambuye Yesu anali akazi.

Alembi onse anai a Mthenga Wabwino atchula Maria Magdalena. Marko awonjeza Maria amake a Yakobo ndi Salome, ndipo Luka atchulanso Yoana. Iwowa sanapite kukaona chozizwitsa ai. Ananyamula zonunkhira kuti akadzoze mtembo, nadandaula panjira za mwala waukulu wa pakhomo pa manda, pakuti analibe wowakunkhunizira. Pakufika anapeza mwala utachotsedwa, mtembo mulibe, ndipo mngelo anawauza kuti Yesu wauka. Pambuyo pake Yesu mwini anaonekera Maria Magdalena, namuitana ndi dzina lake, namtuma kwa ophunzira.

Koma taonani: akaziwo atafotokoza zimene anaona, Apostoli sanawakhulupirire. Masiku amenewo umboni wa mkazi unali wopepuka pabwalo la milandu la Ayuda. Munthu wopeka bodza akadasankha mboni zomveka. Koma alembi aja analemba monga zinachitikira, ngakhale zinali zochititsa manyazi akulu a Eklezia. Thomas Aquinas Woyera anatcha Maria Magdalena mpostoli wa Apostoli, ndipo m'chaka cha 2016 Papa Francis anakweza tsiku lake la 22 July kuti likhale chikondwerero monga masiku a Apostoli.

Nanga m'nyumba zathu ziri bwanji? Bambo akakhala panyanja usiku wonse, kapena akapita kutali kukafuna ntchito ku Joni, amene aphunzitsa ana chizindikiro cha mtanda ndi mapemphero a madzulo ndi mai. Inu abambo, mai wa m'nyumba akakudzutsani kuti mupite ku Misa, kapena akakuchenjezani za mowa umene ukutha ndalama za nsomba, musapeputse mau ake chifukwa achokera kwa mkazi. Kumbukirani Petro: anzake atanyoza mau a akazi aja, iye ananyamuka, nathamangira kumanda kukaona yekha, napeza nsalu zokha.

Ndipo inu amai, musafooke mukanyozedwa. Ambuye adziwa dzina lanu, monga anadziwa la Maria.