Njinga yamoto ikayamba kufooka pamtunda

Mlimi wa ku Umguza amene amanyamula matimati kupita kumsika mumzinda wa Bulawayo amadziwa kuti malonda ake ndi a m'mawa. Akachedwa ndi maola awiri, ogula amakhala atapita, dzuwa lakwera, ndipo matimati ayamba kufewa. Chimodzimodzinso mlangizi wa zaumoyo amene akuyembekezedwa ku Pumula kapena ku Cowdray Park: njinga ikam'khumudwitsa panjira, odwala amagona osamwa mankhwala. Ena mwa anthuwa amayendera tinjinga tamoto topanda magiya apamwendo, totchedwa sikuta, ndipo kawirikawiri amatigula kwa munthu wina amene anatigwiritsapo kale ntchito.

Dandaulo lawo limafanana. Njinga imalira bwinobwino pakhomo, koma ikafika pamtunda imafooka, imatsamwa, mwinanso kuzima kumene. Poopa kuti injini yatha, ena amathamangira kugula zipangizo zodula pomwe vuto linali la kasefa kotsika mtengo.

Mzinda wa pamalo okwera

Mumzinda wa Bulawayo muli mabanja ambiri olankhula Chichewa amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Zambia kudzagwira ntchito kunjanji, kumigodi ndi m'mafakitale, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ntchito za m'mafakitale zitachepa, ana ndi zidzukulu zawo ambiri anatembenukira ku malonda ang'onoang'ono ndi ulimi wa m'madimba. Kwa iwo njinga yamoto ndi khasu limene limadyetsa banja.

Choyamba chofunika kudziwa n'chakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Pamalo okwera chotere mpweya umakhala wopepuka, ndipo injini imataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi momwe ingakokere ku Durban kapena ku Beira. Sikuta ya injini ya 125cc kapena 150cc ilibe mphamvu yapadera yoti n'kutayako. Choncho kavuto kakang'ono, kamene kwina sikangaonekere, ku Bulawayo kamamveka msanga.

Kuyamba ndi zosafuna ndalama

Amakaniko odziwa ntchito yawo sayamba ndi kumasula injini. Amayamba ndi kuimika njinga pamwendo wake wapakati n'kuzunguza matayala ndi dzanja. Tayala likamalimba, ndiye kuti mabuleki akugwira okha, ndipo mphamvu ya injini ikuthera pamenepo. Chizindikiro china ndi kutentha kwa chitsulo cha pakati pa tayala munthu atayenda pang'ono chabe. Matayala ochepa mpweya nawonso amalemetsa njinga, monganso katundu wopitirira muyeso. Sikuta zambiri zinapangidwa kuti zinyamule anthu awiri, osati woyendetsa, mnzake ndi matumba awiri a feteleza olemera makilogalamu 50 lililonse.

Kenaka n'kuona oyilo. Akachepa kapena akada kwambiri, injini imatentha ndipo imafooka. Wogula njinga yakale achita bwino kusintha oyilo tsiku lomwelo, chifukwa sangadziwe kuti mwini wake woyamba anasintha liti.

Mpweya, mafuta ndi moto

Injini imafuna zinthu zitatu: mpweya, mafuta ndi moto. Kuyambira mwezi wa May mpaka October dera la Matabeleland limakhala louma ndi lafumbi, ndipo sefa ya mpweya imatsekeka msanga kuposa momwe buku la njinga limanenera. Sefa ikatsekeka, injini imamwa petulo wambiri, imatulutsa utsi wakuda ndipo imalephera kukwera mtunda. Sefa ya siponji imachapidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono, pomwe ya pepala imangofunika kusintha. Kuyenda popanda sefa ndi kuipha injini, pakuti fumbi limapala mkati mwake ngati mchenga.

Nkhani ya mafuta ili ndi mbiri yake m'dziko la Zimbabwe. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga mu 2007 ndi 2008 komanso mu 2019, anthu ambiri ankagula petulo wa m'zigubu, amene nthawi zina ankakhala ndi madzi kapena zinyalala. Kuwonjezera apo, mu 2013 boma linalamula kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, monga amene amapangidwa ku Chisumbanje, ndipo mlingo wake wakhala ukusinthasintha mpaka kufika magawo 20 pa 100 alionse. Ethanol amakoka chinyezi, amaumitsa timapaipi takale ta labala, ndiponso amasungunula litsiro la m'thanki limene limakatseka timabowo ta kabureta. Njinga imene yakhala miyezi ingapo osayenda ndiyo imavutika kwambiri.

Ngati njinga ikuyenda bwino kwa mphindi zingapo kenaka n'kuyamba kutsamwa, woyendetsa aime ndi kutsegula chitsekero cha thanki. Akamva mpweya ukulowa mwamphamvu ndipo njinga n'kuyambanso kukoka, ndiye kuti kabowo kopumira thanki katsekeka. Ngati sizinasinthe, aone kasefa ka petulo ndi timapaipi, kenaka amasule kanati ka pansi pa kabureta kuti madzi ndi litsiro zituluke. Ntchito imeneyi ichitikire panja, injini itazizira, kutali ndi moto ndi osuta fodya.

Pulagi ndiyo mboni yosanama. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga, injini ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, mkati mwa injini mwaperepeseka. Ikayera mbuu, petulo akuchepa kapena mpweya ukulowera pamng'alu wa labala yolumikiza kabureta ndi injini, ndipo kupitiriza kuyenda chotero kukhoza kuboola pisitoni. Pa sikuta zambiri za mtundu wa GY6, zimene zimapangidwa ku China, mpata wa pansonga ya pulagi umakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Injini ikulira koma liwiro palibe

Apa ndi pamene sikuta imasiyana ndi njinga ya tcheni. Mphamvu yake imafika kutayala lakumbuyo kudzera pa lamba amene amayenda pakati pa mbale ziwiri, mothandizidwa ndi timiyala tozungulira timene timakankha mbale yakutsogolo. Lamba akadyeka amachepa m'lifupi ndipo amaterereka. Timiyala tikaphwatalala mbali imodzi, njinga imakhala ngati yakanirira pa giya imodzi. Choncho injini ikamalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, vuto lili mu lamba, timiyala kapena kilachi, osati mu injini. Lamba woduka pakati pa msewu wa ku Nyamandlovu amasandutsa ulendo wa ola limodzi kukhala wa tsiku lonse, n'chifukwa chake oyenda maulendo ataliatali amayenda ndi wina wapadera.

Zonsezi zikakhala bwino koma njinga n'kumavutabe kulira m'mawa, kapena kuzima ikatentha, nthawi yopita kwa makaniko yakwana. Mwina mipata ya mavalavu yatsekeka, vuto lofala pa injini zazing'ono ndiponso losadula kukonza. Mwinanso maring'i a pisitoni atha, zimene zimadziwika ndi utsi wobiriwira ngati mtambo ndi kutha msanga kwa oyilo. Mwini njinga ali ndi ufulu wopempha kuti makaniko ayeze kaye mphamvu ya mpweya mu injini asanaimasule, komanso kuti am'bwezere zipangizo zakale zimene zachotsedwa.

Phunziro la ku Binga

Bungwe la Riders for Health, limene anayambitsa Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, linaona kuti njinga zambiri za ogwira ntchito zaumoyo mu Africa zinkafa msanga chifukwa chosowa chisamaliro. M'boma la Binga, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba, bungweli linaphunzitsa alangizi a zaumoyo kuyendera njinga zawo m'mawa uliwonse: mafuta, oyilo, manati, mabuleki ndi matayala. Zipangizo zinkasinthidwa potsata makilomita amene njinga yayenda, zisanawonongeke.

Njira imeneyi siifuna bungwe lalikulu. Gulu la alimi kapena la anthu odzipereka likhoza kusunga kabuku kolembamo tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa pa njinga iliyonse, n'kumasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kogulira oyilo, pulagi ndi lamba. Ndipo amene akufuna kugula sikuta yakale apite ndi munthu wodziwa, ailize injini ili yozizira, ayang'ane utsi, kenaka akwere nayo mtunda ali awiri asanapereke ndalama. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.