Maloto oopsa obwerezabwereza ndi nkhani ya zaumoyo

Madzi osefukira omwe anasakaza m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda m'boma la Nkhotakota mu February 2024, mtsinje wa Dwangwa utadzaza, anaphwera kalekale, koma munthu wopulumuka pa ngozi yotere amatha kumailotabe usiku ndi usiku.

Munthuyo amadzidzimuka mtima ukugunda, thukuta lili kamukamu, mpaka kuyamba kuopa kugona. Ena amaganizira ufiti, ena amathawira ku mowa, womwe umangosokoneza tulo kwambiri.

Njira imodzi yomwe madokotala amagwiritsa ntchito ndi yoti wovutikayo akumbukire lotolo masana, alisinthe mathero kuti akhale osaopsa, n'kumalibwereza m'maganizo tsiku lililonse.

Malotowo akapitirira mwezi, alangizi a zaumoyo ayenera kumutumiza ku chipatala cha boma cha Nkhotakota.