Momwe chikuku chimatsekera mfuu ya thupi

Kachilombo kakalowa m'selo, seloyo imatulutsa interferon, mfuu yochenjeza maselo oyandikana nawo. M'kati mwa selo, uthengawo umanyamulidwa ndi mapuloteni a STAT1 ndi STAT2. Kachilombo ka chikuku kali ndi puloteni yotchedwa V, yomwe imagwira amithengawa panjira. Mfuu yamveka, koma wothamanga palibe.

Kamaswana mwakachetechete, ndipo mwana amayamba kupatsira anzake masiku 4 zidzolo zisanatuluke, ife ku madrasa tikuyesa chimfine. Mu 2010 odwala m'Malawi adaposa 130,000.

Kuno ku Mchinji, komwe timawolokera ku Chipata tsiku ndi tsiku, makolo tiyang'ane makhadi akusikelo: katemera ndi wa pa miyezi 9 ndi 15. Chitetezo chomwe katemerayu amasiya chimagwira kachilomboka kasanalowe m'selo.