Mlandu Suwola: Phunziro Lochokera ku Dedza

M'zaka za makolo athu nkhani yotere ikanathera pa bwalo la mfumu, koma iyi inachitika masiku athu ano. Mu February 2019, achiwembu anaba mnyamata wachialubino m'boma la Dedza, ndipo anthu okhala m'tsinde mwa Phiri la Dedza anadikira chilungamo ndi mitima yosweka. Mmodzi mwa oganiziridwa, a Buleya Lule, anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mlandu usanazengedwe. Dokotala wopima mitembo, Dr Charles Dzamalala, anapeza kuti malemuwa anaphedwa ndi mphamvu ya magetsi, ndipo bungwe la Malaŵi Human Rights Commission linatsimikiza kuti anazunzidwa.

Taonani kutayika kwake. Munthu amene akanaulula zambiri pamaso pa woweruza anapita nazo kumanda. Nkhanza za m'chitokosi zinabera chilungamo banja la mwanayo, zinaberanso apolisi okhulupirika ulemu wawo, pakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola.

Apolisi oganiziridwa anamangidwa mu 2020, ndipo mu 2024 Bwalo Lalikulu linapeza asanu ndi mmodzi olakwa pa mlandu wakupha. Mlandu suwola ndithu, koma zaka zisanu nzambiri. Kuchedwaku kukutiphunzitsa kuti wapolisi sangafufuze bwino mnzake amene amadya naye mbale imodzi. Nchifukwa chake lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo, la Independent Complaints Commission, ngakhale kuti panapita zaka khumi mkulu wake woyamba asanasankhidwe.

Tsono mwambo wa wapolisi suthera pa kupukuta nsapato ndi kuchitira sawatcha akuluakulu. Mwambo weniweni ndiwo kumvera lamulo pamene palibe wokuona. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko likuletsa kuzunza munthu, ndipo gawo 42 likulamula kuti womangidwa aonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48.

Motero tikupempha akulu a polisi, ku Dedza ndi kwina konse, kuti alembe m'buku dzina la wofunsa aliyense ndi nthaŵi imene watulutsa womangidwa m'chitokosi, ndi kuti imfa iliyonse ya m'manja mwawo aipereke msanga ku bungwe lija. Inunso aphunzitsi, phunzitsani ana magawo aŵiriŵa. Mwana wodziŵa lamulo lero ndiye wapolisi wosunga mwambo maŵa.