Msana wa Thabwa la Piyano ndi Nyengo ya ku Chilwa

Nsambo za piyano, zimene zimapitirira 200, sizitha kumveka patali pazokha, chifukwa waya ndi wowonda kwambiri moti sagwedeza mpweya wokwanira. Chimene chimakuza mawu ndi thabwa lalikulu la m'kati, lochindikala mamilimita osapitirira 10, limene amisiri amalipanga polumikiza timatabwa ta mtengo wa spruce, wa banja limodzi ndi paini wa pa phiri la Zomba koma wopepuka ndi womveka bwino. Nsambozo zimakoka ndi mphamvu yofika matani 18 kapena kuposa, ndipo katundu ameneyu amasenzedwa ndi chimango chachitsulo, chonga chimene Alpheus Babcock anayambitsa ku Boston mu 1825. Thabwalo limangolandira gawo lochepa, kudzera pa kamtanda kamene nsambo zimatsamirapo.

Kuti lisatitimire, thabwali siliyalidwa lathyathyathya, koma limakhala ndi msana, kutanthauza kutukumuka pang'ono kwa pakati molunjika ku nsambo, kumene maso sangakuone msanga. Kuseri kwake kumamatidwa timitengo totchedwa nthiti, topingasa mitsempha ya thabwa. Amisiri ena amasema nthitizo mokhota kale, pomwe ena amayamba awumitsa thabwalo kwambiri n'kumatapo nthiti zowongoka, kuti likadzamwanso chinyezi lifufume, ndipo poti nthiti zaligwira kuseri, lipindike lokha. Njira yachiwiriyi ili ndi oikonda ambiri, komabe imasiya thabwa lili lopanikizika moyo wake wonse.

Kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, cha ku doko la Kachulu, piyano ikhoza kuona zokhoma chifukwa cha kusinthasintha kwa chinyezi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadzaza kapena kuphwa motsata mvula, mpaka inauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2018. M'nyengo ya dzinja chinyezi cha m'madambo chimafufumitsa thabwa, msana umakwera, nsambo n'kukungika mopitirira. M'chilimwe cha Okutobala thabwa limanyala, msana umatsika, mawu n'kugwa. Oyimba ng'oma amazidziwa bwino zimenezi, popeza chikumba chikalefuka ndi chinyezi amachiwamba pamoto, koma piyano siingachitidwe choncho. Kufufuma ndi kunyala kwa chaka ndi chaka kumatswanya mitsempha ya mtengo, thabwa limang'aluka, nthiti zimamatuka, ndipo msana ukaphwa mawu amafa msanga ngakhale mmisiri atakunga nsambo mwaluso lotani. N'chifukwa chake piyano ya m'tchalitchi kapena pasukulu siyenera kuikidwa pafupi ndi zenera, kapena kutsamiritsidwa ku khoma limene limawombedwa ndi dzuwa la masana.