Tsitsi Lathu Silolimba Monga Lionekera

Lachisanu masana, ntchito zokonzekera Sabata zikafika pachimake, m'makomo ambiri mumamveka kulira kwa mwana wamkazi amene akupesedwa. Mayi ali pachangu, nyemba zili pamoto, zovala sizinasitidwe, ndipo chipeso chakana kudutsa. Mlandu wonse umagwera tsitsi: ati ndi lokakala, ndi lolimba ngati waya. Koma madokotala a khungu amene analiyeza bwinobwino anapeza kuti tsitsi lathu lopotanali limaduka msanga kuposa tsitsi lowongoka la anthu a mitundu ina.

Chifukwa chake chili m'kameredwe. Tsitsi lililonse limamera m'kadzenje kakang'ono ka pakhungu. Kwa anthu a tsitsi lowongoka kadzenjeka n'kowongokanso. Kwa ife n'kokhota, motero tsitsi limatuluka lophwatalala pang'ono n'kumapotana ngati kasipuling'i ka m'bolopeni. Paliponse pamene lapinda m'pofooka, ndipo chipeso chikalikoka limadukira pomwepo. Chinanso, khungu la m'mutu limatulutsa mafuta achilengedwe. Pa tsitsi lowongoka mafutawa amatsetsereka mpaka kunsonga, pamene pa lopotana amathera panjira. N'chifukwa chake nsonga zathu zimakhala zouma. Mlengi sanalakwitse, kungoti tsitsi lotere lili ndi kasamalidwe kake.

Amayi ambiri amadandaula kuti tsitsi lawo silikula. Limakula ndithu, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi kapena kuchepera pang'ono, koma limene lamera kutsinde limafanana ndi limene laduka kunsonga. Mukatha kupesa, yang'anani zimene zagwera pachitenje. Tsitsi lalitali lokhala ndi kadontho koyera kutsinde lagwa lokha nthawi yake itakwana, ndipo munthu wathanzi amataya 50 mpaka 100 otere patsiku. Koma tizidutswa tatifupi topanda kadonthoko ndi tsitsi loduka. Tikachuluka, vuto lili m'kagwiridwe.

Choyamba ndi madzi

Chimene chimafewetsa tsitsi ndi madzi. Mafuta amangotsekera madziwo kuti asauluke msanga. Kupaka Vaseline pa tsitsi louma kumangoliwalitsa, koma m'kati limakhala loumabe, ndipo fumbi la mu Okutobala limamatirira pomwepo. Nyowetsani kaye, kenaka pakani mafuta pang'ono, kaya a kokonati, a mpendadzuwa kapena a nsatsi. Amene amayenga okha a nsatsi akumbukire kuti njere zake ndi poizoni, zisasiyidwe pofikira ana.

Tsitsi louma lisapesedwe. Ligaweni magawo anayi kapena asanu ndi limodzi, nyowetsani gawo limodzi, pakani kondishona ngati muli naye, ndipo masulani mfundo ndi zala. Kenaka tengani chipeso cha mano otalikirana, muyambire kunsonga n'kumatsika pang'onopang'ono kupita kutsinde. Ntchitoyi imadya nthawi, ndipo ife timaona kuti siyoyenera Lachisanu. Ichitike Lamulungu kapena Lachinayi madzulo, pamene palibe amene akuthamangitsana ndi dzuwa.

Kutsuka m'mutu kamodzi pamlungu, kapena pa milungu iwiri, n'kokwanira. Sopo wochapira zovala, kaya wamtanda kaya waufa, amachotsa mafuta onse achilengedwe n'kusiya tsitsi lili gwa. Pogona mangani duku lansalu yoterera, chifukwa nsalu ya thonje imamwa chinyezi ndipo imakhula tsitsi usiku wonse.

Kuluka kopweteka

Apa ndi pamene tikufuna tikhalitsepo, chifukwa tsitsi loduka limameranso, koma malo amene lazulidwa kwa nthawi yaitali akhoza kukhala dazi moyo wonse. Tayang'anani mzere wa atsikana a Sukulu ya Sabata akaima kutsogolo kuti aimbe. Ena, asanafike n'komwe zaka 10, tsitsi la pamwamba pa mphumi ndi la cham'makutu layamba kale kubwerera m'mbuyo. Si matenda a kumtundu ayi. N'kukoka.

Tsitsi likalukidwa mothina, kapena likalemedwa ndi meshi, timaenje tija timatupa. Poyamba zimachira mukamasula. Zikabwerezedwa chaka ndi chaka timaenjeto timafa, pamakhala posalala, ndipo palibe mafuta a m'sitolo kapena a m'botolo la wogulitsa pamsika amene angameretsepo tsitsi. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa khungu wa pa yunivesite ya Cape Town, anafufuza za vutoli ku Langa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Anapeza kuti atsikana a sukulu 17 mwa 100 alionse anali nalo, ndipo pakati pa amayi linali pafupifupi kwa mmodzi mwa atatu. Amene anali pachiopsezo chachikulu ndi amene ankaluka tsitsi lowongoledwa kale ndi mankhwala.

Pali chikhulupiriro chakuti kuluka kukapweteka ndiye kuti woluka ndi katswiri ndipo malukidwewo akhalitsa. Ena amafika pomwa Panado akachoka ku saluni kuti agone. Ululu umenewo ndi khungu likukuuzani kuti likuvulala. Ngati nsidze zakokeka, ngati mwana akulephera kugona chammbali, ngati m'mphepete mwa mutu mwatuluka tiziphuphu, masulani tsiku lomwelo. Tikudziwa kuti ndalama yalowapo, ndipo msonkhano wa misasa ukayandikira aliyense amafuna mwana wake aoneke bwino. Komabe ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi kuvala wigi moyo wonse pobisa dazi.

Woluka muuzeni musanakhale pansi kuti tsitsi lanthete la m'mphepete alisiye, asalikokere m'chingwe. Mwana wamng'ono amulukire mizere ikuluikulu ya tsitsi lake lomwe, popanda chowonjezera. Malukidwe asapitirire miyezi iwiri ali m'mutu, ndipo mukamasula, tsitsi lipume milungu iwiri musanalukenso. Kumanga ndi ulusi monga ankachitira agogo athu n'kwabwino, bola ulusiwo usakungidwe kwambiri kutsinde. Ndipo mwana akanena kuti zikupweteka, timukhulupirire.

Mankhwala owongolera tsitsi

Ambiri mwa mankhwalawa muli sodium hydroxide, soda waukali yemwe amapangira sopo. Ena olembedwa kuti mulibe sodayu ali ndi mankhwala ena aukali ofanana naye. Onse amawongola tsitsi pothyola zimene zimaligwirizitsa m'kati, ndiye limawongoka koma litafooka. Akakhalitsa m'mutu amawotcha khungu, ndipo pachipsera sipamera tsitsi.

Mu 2022 bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, la National Institutes of Health, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000. Amayi amene ankagwiritsa ntchito mankhwala owongolera tsitsi koposa kanayi pachaka anapezeka ndi khansa ya chiberekero mowirikiza kawiri kuposa amene sankawagwiritsa ntchito. Ofufuzawo anati khansayi siyofala kwambiri ndipo pafunika kufufuzabe, koma kwa ife chenjezoli n'lokwanira. Mwana asapakidwe konse, ngakhale pabokosi pajambulidwe kamtsikana komwetulira. Wamkulu amene wasankha kupitiriza adikire miyezi iwiri kapena kuposerapo asanapakenso, apake pa tsitsi longomera kumene lokha, ndipo asalukitse mpaka patapita milungu iwiri.

Abambo ndi anyamata nawo nkhaniyi ikuwakhudza, makamaka pa chipere. Chimafala kudzera m'zipeso, zipewa, mapilo ndi makina ometera osatsukidwa. Chipere cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha, chifukwa tizilombo take timalowa m'kati mwa tsitsi. Pamafunika mapiritsi akumwa, monga griseofulvin, kwa milungu 6 mpaka 8, olembedwa kuchipatala. Parafini ndi oilo wa galimoto zimangowotcha mwana. Kometetsa, onetsetsani kuti makina atsukidwa ndi mankhwala ophera tizilombo asanafike pamutu panu, ndipo lezala likhale latsopano.

Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, choncho chimene chili m'mbale chimaonekera kumutu. Mabanja amene sadya nyama asadalire nsima ndi masamba okha: nyemba, nandolo, khobwe, soya ndi mtedza zizipezeka tsiku ndi tsiku. Kuchepa kwa magazi kumathothola tsitsi, makamaka kwa amayi. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimathandiza, ndipo thupi limatengamo zambiri mukadyera limodzi ndi gwafa, lalanje kapena malambe. Mayi amene tsitsi likuthothoka patapita miyezi itatu chibadwire mwana asade nkhawa, limabwerera lokha mwanayo akamakwanitsa chaka.

Koma mwana wamng'ono tsitsi lake likayamba kufiira, kupyapyala ndi kuzuka mosavuta, makamaka ngati mapazi ndi nkhope zatupa, kumeneko n'kunyentchera koopsa. Musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale la Sabata.